Tinapalira Laibulale

Tanner's Fork, Kentucky
Lamulungu masana

Wokondedwa mng'ono wanga Glenna,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino, pamodzi ndi alamu anga a Curtis ndi ana. Kodi chifuwa chija chinamusiya mwana wako Wade? Nanga msana wako, ukuimabe tsiku lonse ku fakitale kuja? Undiuze zoona, osati zija umanena pa foni zakuti zonse zili bwino pamene mawu ako akumveka otopa.

Kuno tilipo. Bambo akupuma ndi botolo lawo la mpweya monga mwa masiku onse. Fumbi la malasha silidzatuluka m'mapapo mwawo, adokotala anatiuza kalekale, koma pakamwa pokha mpabwinobwino. Dzulo anakalipira wailesi mpaka anatsamwa. Akudya ndithu, nyemba ndi chigumu akumaliza mbale, kenako n'kudandaula kuti ndinachepetsa mchere.

Azakhali a Opal nawonso ali moyo, ndipo ndi chifukwa cha iwowo ndasankha kulemba m'malo moimba foni. Ndikufuna nkhaniyi uimve kwa ine yonse, kuyambira pachiyambi, isanakufike kuchokera kwa iwo atathira kale tsabola wawo.

Laibulale ya pasukulu pathu akufuna kuitseka. Ndayambira pamenepo kuti usavutike kufunafuna. Komiti ya masukulu ikumana mwezi wamawa kuti ivote. Chipinda chija ndagwiramo ntchito kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zino, akufuna kuikamo zitsulo zoti anyamata a mpira azinyamula kuti akule zifuwa.

Ukukumbukira mmene inalili laibulale ija. Sinali yonyaditsa ayi. Buku lina la sayansi linkalonjezabe kuti tsiku lina munthu adzaponda pa mwezi. Mapu ena anali a mayiko amene kulibenso. Mashelefu a kumunsi ankanunkhabe chinyezi cha chaka chija mtsinje unasefukira n'kulowa m'makalasi.

Koma ana ankawerenga, Glenna. Ukudziwa wekha kuti mwana wa kuno basi imamutenga kumapiri kusanache, ndipo kwawo buku ndi Baibulo basi, mwina ndi la makina otchetchera udzu. Laibulale ya m'tauni ili kutali, ndipo palibe kholo lingawononge mafuta a galimoto kuti mwana akabwereke buku la nthano. Chipinda changa chija ndiye chinali chonse.

Chaka chatha, masamba atayamba kuyoyoka, anandiitana a Maggard, mkulu wa masukulu a dera lathu lino. Iwe sukuwadziwa, anabwera utachoka kale. Ndi munthu womwetulira nthawi zonse, ngakhale akamakuuza za maliro. Anati boma lalikulu ku Washington latulutsa thandizo la ndalama zokonzera malaibulale a m'masukulu a madera osauka, ndipo ife umphawi tili nawo wokwanira kugawirako ena. Amvekere, "A Twila, nthawi yanu yakwana. Tangoganizani, mabuku atsopano kuyambira pansi mpaka kudenga!"

Ndisaname, ndinasangalala ngati kamwana. Ndinauza ana onse. Ndinawafunsa zimene akufuna, ndipo anandiuza: za njoka, za magalimoto akuluakulu, za mizukwa, za atsikana ofufuza milandu. Ndinawalonjeza ndi pakamwa panga pano kuti zonsezo zikubwera.

Pempho la kumeneko si kalata wamba yakuti chonde tithandizeni. Ndi chimtolo cha mafunso, ndipo limalembedwa m'chinenero chimene anthu a kuno sitiyankhula. Choncho a Maggard analemba ganyu munthu wina wa ku Lexington, a Pruitt, amene ntchito yawo ndi yomweyo, kulembera masukulu mapempho. Anabwera ndi nsapato zoti sizinapondepo matope chibadwire. Anazungulira m'laibulale atagwira mphuno, akugwedeza mutu.

Atamaliza anakhala pa kampando ka ana n'kundifotokozera mmene zimayendera. Akuti owerenga mapemphowo amapereka mamalikisi ngati pa mayeso, ndipo mamalikisi ambiri ali pa kuonetsa kusowa. Amvekere, "Mayi, vuto lanu ndi lakuti umphawi wanu sukuoneka. Mashelefu odzaza chonchi, munthu akaona chithunzi angoti awa ali bwino, tipatse ena. Sanunkhiza chithunzi, mayi. Mupalire."

Mawu amenewo ndi athu ife a m'malaibulale. Kuchotsa mabuku otha ntchito timati kupalira, monga m'munda. Ndimapalira chaka ndi chaka: ili lang'ambika losasokeka, ili lachita nkhungu, ili likunama. Umachotsa pang'ono kuti zotsalazo zipume. Ndinawauza a Pruitt kuti kupalira ndikukudziwa, ndinayamba iwo ali pa mkaka.

Iwo anaseka n'kunena kuti sakunena kupalira kwanga kwa chifundoko. Buku lililonse limene linasindikizidwa ana a kalasi yomaliza asanabadwe lichoke. Ndinayang'ana mashelefu anga, ndipo ndinaona kuti zikatero ndiye kuti chilichonse chapita, kutsala shelefu imodzi ndi theka ya mabuku amene mpingo unatipatsa.

Ndinakana. Ndinapita kwa a Maggard n'kuwauza kuti munthu sataya chimene ali nacho chifukwa cha chimene sanachigwire. Ndinati tijambule nkhungu, tijambule mapu akalewo, tilembe zoona. Anandimvetsera akumwetulira, kenako anandifunsa mofatsa kuti, "A Pruitt apambanitsa masukulu ambirimbiri. Inuyo a Twila, mwapambanitsa angati?"

Ndinapempha kuti basi mabukuwo ndigawire ana apite nawo kwawo. Anati ayi, ndi katundu wa sukulu, sangaperekedwe popanda komiti kukhala pansi, ndipo tsiku lotseka mapempho layandikira. Ndinati nanga ndiwasunge m'chipinda chosungira matsache. Anati pempholo likufunsa kuti sukulu ili ndi mabuku angati, ndipo iwo sasaina bodza. Taona chilungamo chake, Glenna. Kubisa buku ndi bodza, koma kulitaya ndi zoona.

Ndinagwira ntchitoyo pa tchuthi cha Khirisimasi, sukulu ili zii. Buku lililonse ndinkalitsegula, kulidinda chidindo chakuti lachotsedwa, n'kuliponya m'ngolo. Ngolo ikadzaza ndinkaikankha mpaka ku chibini chachikulu cha zinyalala kuseri kwa khitchini. Dzanja linatupa. Chidindo chinatha inki ndipo ndinakagula ina ndekha.

Mabuku akalewo anali adakali ndi timakadi tija kumbuyo, tolembapo mayina a obwereka. Ndinayesetsa kusawerenga koma maso samvera. Ndinapeza mayina a anyamata amene anafera mu mgodi. Ndinapeza lako, Glenna, pa buku lija la mtsikana ndi hatchi, utalilemba ndi zilembo zako zopendekera zija, mobwerezabwereza mpaka kadi kudzaza. Ndinalira pamenepo, kenako ndinadinda.

A Pruitt anabweranso ndi kamera. Anaima pakhomo, anayang'ana mashelefu ali mbee, n'kuomba m'manja. Amvekere, "Eya! Tsopano mukuoneka osauka bwinobwino." Anandiimika pakati pa chipinda n'kundiuza kuti ndisamwetulire. Sanavutike nane pa zimenezo.

Galimoto yotenga zinyalala inachedwa chifukwa cha chipale chofewa chimene chinatseka misewu. Chipale chitasungunuka kunagwa mvula, ndipo mabuku anafufuma mpaka chivundikiro cha chibini chinakanika kutsekeka. Wina wodutsa anajambula ndi foni n'kuika pa masamba a mchezo. Pofika madzulo dera lonse linali litaona.

Mayo ine, anthu a kuno! Anthu amene sanapondepo m'laibulale chiimalizireni sukulu anasanduka okonda mabuku tsiku limodzi. Analemba kuti ndine wowononga, ndine waulesi wosafuna kupukuta fumbi, ena mpaka anati ndikutaya mabuku achikhristu dala. Ku sitolo mayi wina amene ndinamuphunzitsira ana ake onse kuwerenga anandipatsa chenji osandiyang'ana. Kutchalitchi benchi yanga inakula mwadzidzidzi, aliyense akukhala kutali nane.

Ndinadikira kuti a Maggard ayankhule. Anayankhuladi. Anauza anthu, akumwetulira, kuti nkhani za mabuku iwo salowererapo, amasiyira katswiri wawo wa laibulale amene amamukhulupirira kwambiri. Sindinatamandidwepo moipa chonchija moyo wanga wonse.

Bambo sananene zambiri. Anandiyang'ana pa chakudya, anakoka mpweya wawo, n'kuti, "Mwana wanga, ine ndinakuphunzitsa kupalira. Sindinakuphunzitse kuzula ndi chimanga chomwe." Ndinawayankha kuti dikirani muone zimene zimere. Ndinali ndikukhulupirirabe, ukuona.

Nyengo yonse yozizira tinadikira. Ana ankabwera, kuyang'ana mashelefu, n'kufunsa kuti Mayi Twila, afika liti? Ndinkati posachedwa. Mabuku ochepa otsalawo anazungulira manja onse mpaka zikuto zinathothoka. Ana a kalasi yoyamba ndinawawerengera buku limodzi la bakha kambirimbiri, mpaka anayamba kundiwerengera iwo buku lili chotseka.

Yankho linabwera mitengo itayamba maluwa. A Maggard anandiitananso, ndipo nditaona kuti kumwetulira kwawo kwakula ndinadziwiratu. Sitinapambane. Anandipatsa ndemanga za owerengawo kuti ndiwerenge ndekha, iwo n'kuyamba kukonza zolembera pa tebulo.

Glenna, khala pansi. Owerengawo analemba kuti thandizoli ndi lokonzera ndi kuwonjezera pa mabuku amene sukulu ili nawo kale, ndipo ife tilibe choti n'kuwonjezerapo. Analemba kuti mashelefu opanda kanthu akuonetsa kuti sukulu ndi anthu a dera lino alibe chidwi ndi laibulale yawo. Anati sakuona umboni wakuti tikapatsidwa mabuku tidzawasamala.

Sakuona umboni! Ine amene ndamata mabuku ndi tepi yanga zaka zonsezi, ine amene ndinawaumitsa limodzilimodzi ndi makina oumitsira tsitsi madzi atalowa. Umboni wonse ndinaudinda ndekha n'kuukankhira ku zinyalala.

Sukulu ya kuseri kwa phiri, ija tinkaiseka kuti denga lake ndi sefa, inapambana. Analibe munthu wa ku Lexington. Mayi wa laibulale wa kumeneko anangojambula mabuku ake ankhungu ali mbwee, n'kulemba kuti onani zimene ana athu akuwerenga. Sindikumuchitira nsanje, ndi mnzanga. Koma tsiku limene anandiimbira kudzandipepesa, ndinangomuthokoza n'kudula foni.

Ndinawaimbira a Pruitt. Anali pa msewu, akupita kukaonetsa umphawi wa sukulu ina. Amvekere, "Zimachitika, mayi, owerenga a chaka chino anali ovuta. Koma musataye mtima, chaka chamawa nkhani yanu idzakhala yogwira mtima kwambiri." Ndinawafunsa kuti nanga ana awerenga chiyani pofika chaka chamawacho. Anati foni ikuduladula, sakundimva.

Sipanapite nthawi, mphunzitsi wa mpira analowa m'laibulale ndi tepi yoyezera. Ana anali pansi akumvetsera za bakha uja. Sanapereke ngakhale moni. Anayeza khoma ili, anayeza ilo, n'kupempha mwana wina kuti asunthe mwendo. Nditamufunsa kuti akufuna chiyani, anati akungoona ngati magalasi akuluakulu oti onyamula zitsulo azidziyang'anirapo angakwane.

A Maggard akuti chipinda chachikulu chonchija sichingakhale chopanda ntchito pamene anyamata akunyamulira zitsulo m'khonde. Akuti masiku ano zonse zili pa intaneti. Ndinawakumbutsa kuti kumapiri kuno foni imagwira ukakwera pa denga la khola. Anati ine ndisadandaule, ntchito sindichotsedwa, ndiziyang'anira ana m'chipinda chodyera ndi kulondera opatsidwa chilango. Ankaganiza kuti ndikulirira malipiro.

Ndikudziwa chinthu chimodzi, Glenna. Chipinda chikapita ku mpira sichibwerera. Shelefu yopanda kanthu ingathe kudzadzanso, kaya ndi mabuku opemphetsa, kaya ndi pempho lina lolembedwa moona. Koma akazula mashelefuwo n'kumata magalasi, basi kwatha. Mwana wobadwa chaka chino adzamaliza sukulu osadziwa kuti munthu amatha kulowa m'chipinda n'kusankha yekha buku.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira. Komiti ili ndi anthu asanu. Awiri ali mbali yanga, mphunzitsi wina wopuma ndi akazi a abusa. Awiri ndi a mpira mpaka m'mafupa. Wachisanu sananene mbali yake, ndipo akusangalala kwambiri kuti sananene. Wachisanuyo ndi Denzil.

Inde, Denzil yemwe uja anali mwamuna wako. Sindinakuuze kuti anamusankha mu komiti chifukwa tinagwirizana kuti dzina lake lisamamveke pakati pathu. Anthu anamuvotera chifukwa amagulira timu ya mpira mayunifolomu, ndipo dzina la sitolo yake ya matayala lili pamsana pa mwana aliyense. Munthu amene ankakuseka ukagwira buku, lero ndiye akuweruza za laibulale.

Ndinapita kukamuona. Usandikalipire, ndadzikalipira kale. Ndinavala diresi la kutchalitchi, ndinapita ku sitolo yake Lachisanu masana. Ndinamupeza ataika miyendo pa tebulo akutafuna mtedza, anzake aja a masiku onse atakhala pa matayala.

Atandiona anakuwa kuti, "Ee, taonani kuno! Alamu anga akale! Mwabwera kudzapalira matayala anga?" Anzake anaseka mpaka wina anatsamwa ndi fodya. Ine ndinaima pomwepo, chikwama m'manja. Ndinamutchula kuti a Denzil. Ine, Glenna, ndi pakamwa panga pano, a Denzil.

Ndinamufotokozera zonse monga ndakufotokozera iwe. Ndinati ndikungopempha chaka chimodzi, chipinda chisakhudzidwe, ndiyese kudzazanso mashelefu. Ndinamukumbutsa kuti ana a mlongo wake amabwera m'laibulale tsiku lililonse. Anamvetsera akutola mtedza umodziumodzi, kuuyang'ana kaye asanauponye m'kamwa.

Kenako anati iye alibe vuto ndi mabuku, mabuku ndi abwino, amathandiza tebulo likamagwedera. Anati dzanja lake ndi lopepuka, likhoza kukwera mbali iliyonse. Amvekere, "Koma alamu, inu ndi ine tili ndi kankhani. Munabwera kunyumba kwanga ine kulibe, munanyamula mkazi wanga ngati katundu wa pa selo. Mpaka lero sanatsanzike. Ndi ulemu umenewo?"

Ndinati nkhani imeneyo ndi yakale ndipo sikukhudzana ndi ana a sukulu. Iye amvekere, "Kwa ine ndi ya dzulo. Glenna andiimbire. Osati inu, osati kalata. Andiimbire yekha, anene kuti Denzil pepa ndinachoka osatsanzika, chonde thandiza achemwali anga. Basi. Ndikamva chonde ameneyo, dzanja ili likwera mpaka kudenga." Anakweza dzanjalo kuti anzake aone mmene lidzakwerere.

Ukudziwa chimene ndinachita? Ukuganiza kuti ndinamulavulira, kapena ndinamugenda ndi mbale ya mtedza ija, monga akanachitira Twila amene ukumudziwa. Ayi. Ndinati ndamva. Ndinatuluka mwaulemu, ndinatseka chitseko pang'onopang'ono, kuseka kwawo kukunditsatira.

Ndikukumbukira tsiku limene ndinakutenga, ngakhale iwe umafuna kuliiwala. Zovala zako tinaziika m'matumba a zinyalala chifukwa masutikesi anawakhomera. Unali utaonda moti mphete inkavuka yokha. Munthu uja sanakumenyepo, ndi zimene ankanyadira kutchalitchi, koma ankabisa makiyi a galimoto, ankawerenga makalata ako, ankakutcha mbuli pamaso pa alendo mpaka unayamba kuvomera. Njira yonse mpaka ku Ohio unkangoyang'ana kumbuyo, ndipo unandipepesa ine chifukwa chondivutitsa.

Zinakutengera zaka kuti usiye kupepesa chilichonse. A Curtis anandiuza kuti poyamba unkapepesa ngakhale mvula ikagwa. Lero umaseka mokweza, umakangana ndi mabwana ako ku fakitale, umayendetsa galimoto yakoyako. Ndikamva mawu ako pa foni ndimadziwa kuti pa zinthu zonse zimene ndachita pa moyo wanga, ulendo uja ndiye ndinauchita bwino.

Nkhani ya ku sitolo ija inafika kwa azakhali a Opal ine ndisanafike kunyumba. Lero potuluka m'tchalitchi anandikoka dzanja. Amvekere, "Foni imodzi yokha, kodi ingamuphe? Mawu ndi mphepo, anene n'kuiwala. Iwe unamuchitira zazikulu, nayenso akuchitireko." Ndinawauza kuti asayerekeze kukuimbira. Anandiyang'ana mmene amayang'anira akakhala kuti aganiza kale, choncho yembekezera foni yawo sabata ino.

Ndiye pempho langa ndi ili, mng'ono wanga. Usamuimbire Denzil. Azakhali akakuuza kuti ulibe chifundo, uwauze kuti ine ndakuletsa. Akakuuza kuti uli ndi mangawa kwa ine, uwauze kuti ndati palibe.

Ndimamudziwa munthu uja ndipo iwe ukumudziwa kuposa ine. Foniyo adzaiika pokweza kuti anzake a pa matayala amve. Adzakuuza kuti sanamve bwino, ubwereze. Akapeza nambala yako sidzakhala foni imodzi, adzaimba pa Khirisimasi, adzaimba ataledzera, adzaimba a Curtis ali pompo. Ndipo pamapeto pake akhoza kukwezabe dzanja ku mpira, n'kumaseka kuti anatipusitsa tonse awiri.

Ndiponso si iwe unapalira. Anapalira ndi a Pruitt amene ali pa msewu, ndi a Maggard amene akumwetulira, ndi ine amene ndinagwira chidindo. Palibe mmodzi wa ife akufunsidwa kugwada. Akufuna agwade munthu amene anali kutali, wosadziwa kanthu, akupakira katundu ku fakitale.

Ku msonkhanoko ndipita. Ndidzaimirira, ndidzanena zonse, ndi za chithunzi chija zomwe, a Maggard amwetulire mmene angathere. Ndikudziwa mmene zidzathere. Awiri adzakweza manja mbali yanga, awiri adzakweza manja mbali ya mpira, kenako onse adzatembenukira kwa Denzil, ndipo iye adzandiyang'ana ine kaye.

Chimene sindikudziwa ndi chodzawauza ana. Lachisanu lomwelo, ndisanapite ku matayala, mtsikana wina wa kalasi yachitatu anandibweretsera katoni yopanda kanthu yochokera kwawo. Anati ndi yoti ndidzaikemo mapepala okutira mabuku atsopano akadzafika, kuti m'chipinda musadzachite zinyalala. Ndinamuthokoza, ndinaiika pansi pa tebulo.

Sindikubisira, mtima wanga suli umodzi. Ndimati ndikagwira tsache, kapena ndikamatsuka botolo la Bambo, kamawu kena kamandinong'oneza kuti azakhali akunena zoona, ndi mawu ochepa chabe, Glenna ndi wolimba tsopano. Ndimakakalipira kamawuko ndipo kamakhala chete pang'ono. Ndakwiya ndi Denzil, ndakwiya ndi a Maggard, koma chimene chandikwiyitsa koposa n'chakuti andifikitsa poti ndingaganize zotere za mng'ono wanga.

Basi, ndalemba zambiri ndipo dzanja latopa. Bambo akuitana, akuti wailesi yawo yasochera. Akuti ndikuuze kuti ubwere nyengo yotentha ino adzaone adzukulu, ndipo ubweretse maswiti aja adokotala anawaletsa.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Curtis, uwauze kuti ndimawathokoza tsiku lililonse ngakhale sindinena. Wade ndi Corinne uwapsompsone m'malo mwanga, ndipo uziwawerengera asanagone ngakhale utatopa bwanji. Apongozi ako uwapatse moni, ndamva kuti anachitidwa opaleshoni ya diso. Mulungu akusunge, akuteteze pa msewu ndi pa ntchito, ndipo akupatse tulo tabwino kuposa tanga.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Twila

Ndaiwala chimodzi. Msonkhano uli Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa. Nambala ya ku sitolo kwa Denzil sinasinthe. Sindikudziwa chifukwa chake ndalemba zimenezi, ndipo ndayesa kuzifufuta koma dzanja lakana.